Opalo m'Kapu ya Amayi

Lolemba, 3 Malichi

Timakadi makumi anayi lero. Chala chapakati chatupa, inki mpaka m'zikhadabo. Abwana abweretsanso opalo wina, thumba lathunthu, ndiye kuti sabata ino ndine wa cholembera basi. Mwala uliwonse kabokosi kake, kabokosi kalikonse kakadi kake, ndipo kakadiko kalembedwe pamanja. Akuti zolemba makina n'zozizira, ogula amafuna aone kuti munthu anachita kukhalira pansi. Munthuyo ndine. Zaka zisanu ndi chimodzi m'sitolo ya mphete ndi miyala, luso langa lonse ndi kulemba mokongola.

Mawu ake omwe aja, mpaka ndimawalota: "Opalo, mwala wa chiyembekezo. Umalimbitsa maso, umatsitsimutsa mtima, umathamangitsa matenda." A Mmisiri, mdala wathu wokonza mphete kuseri kwa katani, anadutsa n'kusuzumira. Akuti, "Muwonjezerepo kuti umameretsa tsitsi, ine ndigule iwiri." Dazi lawo lija likuwala kuposa katundu wa pa kauntala.

Masana foni ya amayi. Mawu osangalala, kutsala pang'ono kuimba. Akuti diso lapepuka, silikuwawa, silikufiiranso. Ndathokoza Mulungu. Lakumanja linafa zaka ziwiri zapitazo, latsala lakumanzere lokhalo. Adokotala ananena mosabisa kuti madzi amachuluka mkati mwa diso n'kumafinya mtsempha, ndipo chimene chikulisunga ndi mankhwala odontheza aja, m'mawa ndi madzulo, moyo wonse. Loweruka ndiwapititsire botolo lina. Ndisaiwale shuga ndi babu la kukhitchini.

Potsanzikana amayi anati, "Kalembera wanga, mkanda wako uja ndi dokotala." Ndinangoseka. Dzina la Kalembera anandipatsa ndili kamwana, ataona kope langa loyamba. Mkandawo ndi ka opalo kaja ndinawapatsa mu Disembala, kobenthuka m'mphepete, kamene abwana anati nditenge poti sikangagulike.

Lachitatu, 5 Malichi

Mvula tsiku lonse. Ogula atatu okha, awiri ongobisala mvulayo. Ndinatsegula chibuku cha abwana, chong'ambika chikuto chija, mmene ndinatola mawu a pa kakadi. Ndisaname, ndimachikonda. Nkhani zake n'zokoma.

Akuti Aluya akale ankati opalo anagwa kumwamba pamodzi ndi mphezi, n'chifukwa chake muli moto mkati. Agiriki ankati wouvala amaona zakutsogolo ndipo matenda amamulambalala. Aroma ankautcha mwala wa chiyembekezo, ankadabwa kuti mwala umodzi ungasenze bwanji mitundu ya miyala yonse, kufiira, kubiriwira, chikasu, buluu. Patapita zaka, ku Ulaya anayamba kuutcha mwala wa maso. Atsikana a tsitsi loyezuka ankauvala m'khosi kuti tsitsi lisasinthe. Kenako mphepo inatembenuka, anthu omwewo anayamba kunena kuti ndi mwala wa tsoka, aakwati asaukhudze. Mwala womwewo, mbiri ziwiri. Anthufe.

A Mmisiri sakhulupirira chilichonse mwa izi. Akuti opalo ndi madzi amene anatsikira m'ming'alu ya matanthwe zaka zosawerengeka, n'kusiyamo timchenga tosaoneka ndi maso, tondandana bwinobwino. Kuwala kukalowa kumagawanika, ndiyo mitundu tikuonayi. "Ulibe utoto wakewake, umachita kubwereka kwa dzuwa." Amadana ndi kuuika pa mphete, akuti ukangoufinya pang'ono wang'aluka. Amautcha apongozi.

Madzulo achimwene anaimba. Dzulo anadzera kwa amayi. Akuti amayi anathira tiyi patebulo kapu ili pambali, potuluka anagunda phewa pa felemu. Achimwenewo akuti ndi ukalamba. Ndawauza kuti Lolemba lomweli amayi anandiuza okha kuti diso lili bwino. Koma chiimbire foniyo mtima sunakhale pansi.

Loweruka, 8 Malichi

Ndilembe basi.

Ndinafika kwa amayi cha m'ma teni. Nyumba yaukhondo monga mwa masiku onse, makina osokera pansi pa windo atafunditsidwa nsalu yawo, zitini za ulusi zitandandana pa shelefu. Anasiya kusokera anthu diso loyamba litafa, koma makinawo amawapukuta tsiku lililonse. Ndinkafuna sizasi yodulira pepala la shuga. Ndinatsegula kadirowa ka makina.

Mabotolo atatu a mankhwala a m'maso. Osatsegula, zomatira zake zili chikhalire. Pa makatoni pake zilembo zanga zomwe: Disembala, Januwale, Febuluwale.

Ndinawaonetsa amayi mabotolowo, lachinayi lili m'manja. Iwo osachita n'komwe manyazi. Anati, "Zaka ziwiri ndikudontheza zimenezo, chasintha n'chiyani? Kuwawa basi, maso psuu ngati chidakwa. Bwera uone wogwira ntchito."

Pa windo kapu yawo yamaluwa, yovundikira ndi sosala. Anavundukula. Mkati madzi, m'madzimo kamwala kanga. Mitundu yonse yapita. Kangoti mbee ngati kachidutswa ka botolo, ukutha kuona pansi pa kapu. Akuti anakaviika poti mankhwala enieni amaviika, ndipo m'mawa uliwonse amatsuka diso ndi madzi akewo. "Unabwera ndi moto wake, waona? Moto wonsewo walowa mwa ine. Mabotolo akowo anasinthapo mtundu?"

Ndinafunsa amene anawauza zimenezi. Anatambasula dzanja, kupapasa khoma mpaka kupeza. Pamwamba pa makina, pambali pa chithunzi cha malemu bambo, kakadi kobayidwa ndi pini. Kanga. Umalimbitsa maso.

"Ndinaona zilembo zako. Mwana wanga sangalembe chinthu asanafufuze."

Kakadiko sindinakaiwale m'kabokosi. Ndinakasiyamo dala. Ndinkafuna aone mmene ndimapindira chilembo cha O, andiyamikire ngati kale. Mkazi wamkulu ine, wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, kufuna kuuzidwa kuti walemba bwino.

Ndinakaika babu kukhitchini, ndinakhala pamwamba pa mpando nthawi yaitali kuposa yoikira babu. Ndagona konkuno.

Lamulungu, 9 Malichi

M'mawa ndinawayesa mobisa. Iwo akumwa tiyi, ine ndinaima pambali n'kumagwedeza mpango. Osaona. Ndinausendeza pang'onopang'ono, anauona utafika kutsogolo kwa mphuno. Mu Novembala ankandiona ndikulowa pakhomo asanatembenuke.

Ndinakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo. Ndinati amayi, zija ndinalemba zija n'za malonda chabe, ndi nkhani za anthu akale, mwala sungachize diso. Anaika kapu ya tiyi pansi. Kenako: "Ndiye kuti ukunamiza anthu?" Ndinayamba kuzungulira, zoti abwana ndi amene amafuna, zoti aliyense amadziwa kuti n'zongokometsera. Anandidula. "Aliyense? Ine sindine aliyense? Ndinakutumiza kusukulu kuti uzikalemba mabodza mokongola?"

Bola akanandimenya mbama.

Koma ndi ouma mutu, ndinatengera konko. Patapita kanthawi anati mwina ineyo ndi amene sindikudziwa mphamvu ya zimene ndikugulitsa. Nanga mwalawo wasintha bwanji? Zaka zisanu ndi chimodzi ndikugwira opalo tsiku ndi tsiku, sindinauviikepo m'madzi.

Tagwirizana theka. Adontheza mankhwala, koma kapu isachoke pa windo. Ndinawadontheza ndekha, mutu wawo uli pamiyendo panga. Anafinya nkhope. Tsitsi lawo layera kwambiri kumbuyo kwa makutu, sindinkadziwa.

Achimwene sindinawauze. Mantha.

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndinafunsa a Mmisiri za mwala wotaya mitundu m'madzi, ngati nkhani ya wogula wina. Sanadabwe n'komwe. Akuti opalo wina, makamaka wotsika mtengo amene abwana amakondayu, amamwa madzi ngati siponji. Akakhuta, kuwala kumangodutsa, mitundu imazima. Ukamuumitsa pang'onopang'ono pamthunzi, patapita masiku imabwerera. Palibe chozizwitsa. "Wogula wanuyo muuzeni asamuike padzuwa, ang'aluka."

Ndinalephera kudzigwira. Ndinawauza zonse, pakati pa tizipangizo tawo ndi fungo la gasi. Anazimitsa moto wawo, anavula kagalasi ka pa diso. Sanaseke ulendo uno. Anangoti, "Thamangani nawo kuchipatala, mwana wanga. Zolira muzikalira pobwera."

Ndaimba kuchipatala. Atilandira Lachisanu.

Masana ndinabwereranso ku chibuku chija, pa tsamba la mwala wa maso. Ndinali nditaiwala kuti nkhaniyo ili ndi mchira. Akale omwewo ankati umalimbitsa maso a mwini wake koma umachititsa chidima maso a anthu omuzungulira, n'chifukwa chake mbava zinkaukonda. Zinkaukulunga m'tsamba kuti zidutse osaonedwa. Ndikukumbukira tsiku ndinkalemba kakadi koyamba, ndinawawerengera abwana zonsezi. Anati za mbava zisiye, za tsoka zisiye, za "ankati ankati" zisiyenso, wogula safuna munthu wokayikakayika. Ndinasiya. Sindinatsutse ngakhale pang'ono, ndinali kalikiliki kusankha inki.

Lachisanu, 14 Malichi

Chipatala. Benchi yaitali, anthu a mabandeji m'maso, wailesi ya kanema yopanda mawu. Achimwene anatitenga pa galimoto ya kuntchito kwawo. Amayi anavala bwino, mafuta onunkhira, ngati akupita ku ukwati.

Anawaika chibwano pa makina oyezera maso, kuti akaona kanyali adine batani. Ine ndinaima kumbuyo, tinyali ndikutiona tikuthwanima uku ndi uku. Chala cha amayi chili duu. Kanyali, duu. Kanyali kena, duu. Ndinkadina m'thumba mwanga ndi chala changa, ngati zingathandize.

Adokotala, mayi wachitsikana wolankhula motsitsa, anayang'ana pepala, anayang'ananso la chaka chatha. Anafunsa ngati mankhwala akudontheza. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Amayi anandiponda phazi. Osaona bwino, koma phazi langa analipeza. Anati, "Ndinkaiwala, adokotala. Mutu wakalamba."

Amayi amene amakumbukira muyeso wa chiuno cha mayi aliyense anamusokerapo.

Achimwene anapukusa mutu, anandiyang'ana ngati akuti waona. Adokotala sanakalipe. Anajambula bwalo papepala, analidetsa lonse kusiya kadontho pakati. Chimene chatsala n'chimenecho. Chimene chapita sichibwerera, mtsempha ukafa wafa. Madzi m'diso akwera kwambiri moti mankhwala okha sakwaniranso. Achita opaleshoni Lachinayi, atsegule kanjira koti madzi azituluka, kuti kadonthoko kapulumuke. Sanalonjeze.

Pobwerera amayi ankafunsa mitengo ya nsalu m'masitolo tinkadutsa. Ine ndinkayang'ana kunja.

Lolemba, 17 Malichi

Ndinakhala pa tebulo langa, kakadi koyera kutsogolo, cholembera m'manja. Ola lathunthu. Ndinalemba O n'kuima.

Cha m'ma leveni kunalowa mayi wina, yunifolomu ya oyeretsa m'maofesi, chikwama chothothoka. Anafunsa za mwala wa maso, akuti mnzake anamuonetsa kakadi. Mwamuna wake wayamba kuona ngati muli utsi. Ndinamuyang'ana manja, osweka ndi sopo. Ndinamuuza kuti mwalawu ndi wokongola basi, ngati akufuna wovala agule, koma bambowo apite nawo kuchipatala sabata yomwe ino. Ndinamulembera dzina la chipinda cha maso kuseri kwa kakadi komweko. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana, koma kakadiko anatenga.

Abwana anamva zonse. Mayiyo atatuluka anandiitanira kumbuyo. Akuti ino si kiliniki, palibe amene amakakamizidwa kugula, anthu amagula chiyembekezo ndipo chiyembekezo si tchimo. Ndinati amayi anga anagula chiyembekezo chomwecho ndi diso. Si munthu woipa, anandigwira phewa, anati pepa. Kenako anafunsa ngati timakadi totsala titha pofika Lachitatu.

Ndakana. Andibweza kukapukuta magalasi ndi nsanza, timakadi akasindikiza pa makina. Mawu ake omwewo. A Mmisiri anandipatsa theka la buledi wawo.

Lachiwiri, 18 Malichi

Achimwene anabwera kuntchito nthawi ya nkhomaliro. Ali ndi mapulani. Poti amayi ayamba kuiwala, sangakhalenso okha. Asamukire kwa iwo, kachipinda ka kumbuyo, mbaula asamayandikire, makiyi asamasunge. Makina osokera aperekedwe kwa wina. Alamu anga avomera kale. Akuti akawapimitsenso mutu.

Ndinawauza tili chiimirire pakhonde la sitolo. Mabotolo, kapu, kakadi, zonse. Amayi sanaiwale kalikonse, anakhulupirira ine.

Sanakuwe. Achimwene akapsa mtima zenizeni mawu amatsika. Anati, "Iwe, miyezi itatu ukupititsa mabotolo, sunafunsepo ngakhale kamodzi kuti lakale lili kuti?" Sindinafunsepo. Ndinkafika, kusiya botolo patebulo, kumwa tiyi, kudandaula za ntchito, kubwerera. Ananyamuka osatsanzika.

Madzulo amayi anaimba, atamva kale. Okwiya. "Ndani anakutuma? Ine ndinali nditatseka nkhani. Ukalamba suchititsa manyazi, ukanangondisiya nawo." Ndinati sindikanalola awalande makiyi chifukwa cha ine. Anati makiyi ndi chitsulo, koma ana awiri osalankhulana iwo sangawanyamule. Anadula foni ndisanayankhe.

Lachinayi, 20 Malichi

Amayi analowa nawo ku opaleshoni 8 koloko m'mawa. Chovala chobiriwira chomanga kumbuyo, anadandaula kuti amene anachisoka sadziwa ntchito. Anamwino anaseka. Pa chitseko anatembenuka, kufunafuna kumene ndinali, anati, "Kalembera, kapu ija usataye madzi ake." Sindinamvetse ngati amaseka.

Ine ndi achimwene pa benchi imodzi, pakati pathu malo a anthu awiri. Maola awiri. Iwo pa foni, ine kuwerenga chikwangwani cha kasambidwe ka m'manja mpaka kuchiloweza. Chakumapeto anapita kukagula madzi, anabwera ndi mabotolo awiri, limodzi anaika pa benchi pafupi nane. Zokhazo.

Adokotala akuti zayenda mmene amafunira. Zotsatira tidzaziona diso likaphwa. Amayi atuluka ndi bandeji ndi kachivundikiro kapulasitiki. Maso onse awiri tsopano palibe. Anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa, ngakhale pakamwa ankati sakuopa.

Loweruka, 22 Malichi

Ndatenga tchuthi, ndili kwa amayi. Bandeji anachotsa dzulo. Mankhwala amitundu itatu, wina maola awiri aliwonse. Ndajambula tchati, ndamata pa khoma, ndikuchonga. Zilembo zokongola, zikugwirako ntchito yoona kamodzi.

Akuti akuona chifunga chokhachokha, ndi kuyera kumene kuli windo. Adokotala anati masiku oyamba zimatero.

Mwala ndinautulutsa m'kapu Lachinayi, ndinaukulunga m'kansalu, uli m'chitini cha mabatani. Kakadi ndinachotsa pa khoma. Anamva pini ikugwa. Anati ndibwezere. Ndinati amayi, ndi bodza lija. Anati, "Bodzalo ndalimva. Koma zilembozo n'za mwana wanga." Ndabwezera.

Masana kutentha, tonse tili gone pa mphasa ya pabalaza. Anati ndiwauze nkhani zonse za m'chibuku cha abwana chija, osadula. Ndinawauza ya mphezi, ya Agiriki, ya atsikana a tsitsi loyezuka. Pa ya mbava anaseka mpaka ndinawaletsa, kuopa ulusi wa m'diso. Akuti, "Ndiye unandipatsa mwala wa akuba, n'kundibera diso." Anaseka okha. Atamva kuti ine sindikuseka anapapasa mpaka kupeza mutu wanga, anausisita ngati ndili ndi malungo.

Anafunsa chifukwa chake anthu onsewo, mitundu yosiyanasiyana, anaganiza za maso. Ndinati mwina poti ukauyang'ana umakhala ngati nawonso ukukuyang'ana. Iwo anati ayi. Akuti munthu amene maso akumuthera amafuna chinthu chokongola choti ayang'ane komaliza, ndiye amachipezera chifukwa. Akuti mu Disembala, ndisanafike n'komwe pa geti pobwerera, anakhala pa windo ndi kamwalako mpaka dzuwa kupendeka, akukatembenuza. Mitundu ya ulusi wawo wonse inali mmenemo.

Lachitatu, 26 Malichi

Kuchipatala. Madzi m'diso atsika, kanjira kakugwira ntchito. Adokotala anakweza zala patsogolo pawo. Zingati? Amayi anati ziwiri. Zinali zinayi. Anasendera pafupi. Amayi anati, "Musandifulumizitse." Adokotala analemba kanthu, anati tidikirebe, nthawi zina diso lotopa chonchi limachedwa, nthawi zinanso kadontho kotsala kamazima ngakhale opaleshoni itayenda bwino. Mawu omalizawo ananena akuyang'ana ine.

Kunyumba ndinatsegula chitini cha mabatani, kufuna pini. Kansalu kanafunyuluka. Mwala wabwerera. Kufiira, kubiriwira, buluu, zonse waliwali ngati palibe chinachitika. Ndinapsa mtima ngati ndi munthu. Wako moto wabwerera, wa amayi anga uli kuti? Ndinafuna kuuphwanya ndi nsimbi. Ndinangotseka chitini.

Anafunsa chimene ndatsekera mwamphamvu. Ndinati mabatani.

Lachisanu, 4 Epulo

Tchuthi chinatha. Masana alamu akukhala nawo, ine ndikufika ndikaweruka. Achimwene ayamba kundiyankha, mawu amodziamodzi. Za kusamuka azisiya kaye.

Chipatala lero. Zala sanawerenge. Nyali anaiona, mbali imene ikuchokera anaphonya kawiri. Adokotala anatipatsa pepala la anthu ophunzitsa kuyenda ndi ndodo. Amayi analipinda kanayi, analiika m'chikwama, anati zimenezo n'za akhungu.

Ku sitolo timakadi ta makina tafika. Bokosi lonse. Ndimapukuta galasi pamwamba pake.

Sindikudya. Siketi yayamba kuzungulira m'chiuno. Alamu akuti amayi amawafunsa tsiku lililonse ngati ndadya, ngati ndikulirabe. Ndimayesa kulirira kubafa, pompi ili yotsegula. Makutu awo akuthwa masiku ano.

Lamulungu, 13 Epulo

Ndinafika masana. Achimwene ndi alamu analipo, tiyi ali patebulo. Amayi pa mpando wawo pafupi ndi khomo, atapesa bwino, manja pamiyendo. Ndinapereka moni.

Anati, "Ima pomwepo, usasunthe. Lero diso latseguka, ndikufuna ndikuone."

Ndinaima. Ndinakhulupirira, Mulungu ndi mboni ndinakhulupirira. Anakweza nkhope, anatsinzina pang'ono monga ankachitira polowetsa ulusi mu singano. Anayang'ana nthawi yaitali, akumwetulira. Ankayang'ana pambali panga, pamene pali kabati.

"Eee, ndi uyu mwana wanga. Ndikukuona bwinobwino. Bulauzi yachikasuyo yakukhala, kolala yake anaidula bwino. Waona? Ndachira. Ndiye zolirazo zithe lero, udye."

Ndinali nditavala juzi yakuda, yopanda kolala.

Alamu anagwira pakamwa. Achimwene anakoka mpweya kuti alankhule, ndinawayang'ana, anameza. Amayi akudikira, nkhope ili ku kabati, kumwetulira kwayamba kunjenjemera m'mphepete.

Ndinasuntha mwakachetechete, phazi limodzi, lachiwiri, mpaka kuima pamene ankayang'anapo. Ndinati zikomo amayi, ndi yatsopano. Anati ndadziwa, sindinakuonepo nayo.

Ndinadya. Magawo atatu a buledi, ndikutafuna mokweza kuti amve.

Mawa ndisanalowe ntchito ndikafune bulauzi yachikasu. Ya kolala. Sindikudziwa kuti ndikuigulira ndani, poti iwo sadzaiona.